Ntchito za abambo zidapita kuti? Zimene ndidaphunzira mayi atachokapo masabata asanu

 Chimanga chili pa mikukwe, tikungodikira chiume. Lero sindilemba za mtengo wa feteleza ayi. Gulani bandulo yokwanira chifukwa nkhani ya lero ndi yaitali, ndipo amuna anzanga ena mundida nayo.

Ambiri mukudziwa kuti mu Januwale mayi akunyumba kwanga adachokapo masabata asanu. Adapita ku tauni kukadikirira mwana wathu wamkazi amene adachira kudzera opaleshoni. Pakhomo tidatsala ine, zidzukulu ziwiri za ku pulaimale, ndi apongozi anga aakazi amene zaka zawo zidadutsa 80 ndipo sathanso kusenza kanthu. Ine ndi mkamwini m'mudzi uno zaka zoposa 30, ndipo zaka zonsezo sindidakhalepo mphasa imodzi ndi apongozi. Tikakumana panjira wina amapatuka. Koma njala ilibe manyazi. Tsiku lachitatu adandiitana okha nkuti, "Akamwini, nsima yanuyi ufa uli mbuu m'kati. Bwerani ndi mthiko wanuwo pano, muzivundula ine ndikuona."

Nthawi imeneyo inali yobandira. Ndinkadzuka tambala woyamba, kuthamangira ku mjigo mzere usanatalike, kubwera kudzaphika phala la ana, kupita kumunda, kuweruka dzuwa lili paliwombo, kenaka nkhuni, ndiwo, mbale, zovala za sukulu, madzi osamba a agogo, mbuzi. Ndidawerenga: pakhomo pathu pamalowa ndowa zisanu ndi imodzi za malita 20 tsiku lililonse. Zaka 30 ndakhala ndikusamba madzi amenewo osafunsa kuti adayenda bwanji. Masabata onse asanu pa bawo sindidapondepo, ndipo lamba ndidaboola bowo lina.

Ndiye usiku, ana atagona, ndidayamba kufunsa apongozi. Funso langa linali limodzi: kodi zimenezi zidayamba liti, zoti mwamuna akaweruka kumunda ntchito yatha, koma mkazi akaweruka kumunda ndiye ntchito yayamba? Zimene adandiuza ndidaziphatikiza ndi zimene ndidaona kwa makolo anga, ndi zina zimene adandifotokozera mphwanga amene amaphunzitsa mbiri ku sekondale.

Apongozi akuti m'nthawi ya agogo awo mwamuna sankakhala pansi masana. Munda unali wotsegula m'nkhalango, ndiye kugwetsa mitengo, kusadza nthambi ndi kutentha inali ntchito ya amuna. Khasu silinkagulidwa kusitolo, amuna ankasungunula chitsulo m'ng'anjo nkusula makasu, nkhwangwa ndi mipeni. Nsalu ankaomba amuna ndi thonje lolima okha, kapena kusula khungwa la mtengo. Mphasa, malichero, madengu, nkhokwe, denga la nyumba, mtondo ndi munsi womwe, zonsezo manja a amuna. Ndiwo za nyama zinkachokera ku uzimba. Usiku kunali kulondera nguluwe ndi njovu kumunda, ndipo m'masiku a nkhondo za Angoni ndi ogula akapolo kunalinso kulondera mudzi. Amayi anali ndi zawo: kusinja, kutunga, kutola nkhuni, kuumba mbiya, kufulula mowa, kuzira nyumba, kufutsa ndiwo, kulera. Kulima ndi kupalira ankachitira limodzi. Mphwanga uja akuti ngakhale David Livingstone, podutsa ku Shire cha m'ma 1859, adalemba kuti adaona amuna, akazi ndi ana onse ali m'munda ndi makasu, khanda ataligoneka pamthunzi.

Tsopano tawerengani ntchito za amuna zija imodzi imodzi, muone imene yatsala. Khasu tikugula ku Mponela. Nsalu tikugula pa kaunjika. Nkhalango yoti nkugwetsa kulibe, munda ndi womwewo chaka ndi chaka. Nyama zidathawira ku Kasungu ndi ku Nkhotakota kumene ukalowa ndi uta akumanga. Nkhokwe anthu adasiya poopa akuba, chimanga tikusunga m'matumba kuchipinda. Lichero ndi dengu zikugonja kwa beseni la pulasitiki. Denga likakhala la malata ndiye kufolera kwa chaka ndi chaka kwathanso. Sitolo ndi boma zidatilanda ntchito zathu pafupifupi zonse. Nanga za amayi? Mwana akadali kubadwa chimodzimodzi, mimba ikadali kufuna nsima kawiri patsiku, ndipo nkhuni zimene kale ankatola kuseri kwa nyumba lero akuzitsata mtunda wa maola awiri. Apa mpamene mtolo udapendekera mbali imodzi.

Koma tisanamizire amuna ulesi wokha. Chimene chidalowa m'malo mwa ntchito zija ndi ndalama, ndipo ndalama idabwera ndi chikwapu. Azungu atakhazikitsa boma lawo mu 1891 adaika msonkho wa nyumba. Msonkho sunkalandiridwa ndi maungu, umafuna mashereni. Padafika poti amene wagwira ntchito mwezi kwa mzungu ankalipira theka, amene wakhala pakhomo ankalipira wonse. Kummwera kunali thangata m'maesiteti, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi koma adasanduka ntchito yokakamiza, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zidautsa John Chilembwe mu 1915. Kuno kwathu amuna adayamba ulendo. Ena wapansi mpaka ku Halale, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, ena pa Wenela kupita ku migodi ya golide ku Joni. Ena sadabwerenso, ndi aja timati machona.

Mwamuna akachoka, khasu lake silinkapita naye. Linkatsala, ndipo ankalinyamula ndi mkazi. Apongozi akuti m'mudzi uno munali zaka zina zimene pa maliro okumba manda ankachita kukabwereka kumudzi woyandikana. Amayi adaphunzira kusosa okha, kumanga nkhokwe yopendama okha, kukwera padenga mvula ikadontha. Pamwamba pa izo, cha m'ma 1940 ndi 1950 boma la atsamunda lidakakamiza malimidwe a mizere ndi migula, wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Kuunga mizere munda wonse chaka chilichonse si ntchito yamasewera, ndipo m'makomo ambiri idagwera amayi. Taonani tsono: ntchito za amuna amayi adazilowa chifukwa panalibe wina. Koma amuna aja atabwerako, palibe amene adati popeza iwe udagwira khasu langa, ine ndigwireko munsi wako.

Njala ya 1949 apongozi adaiona ali kamtsikana. Idavuta kwambiri kummwera koma ndi kuno idafika. Bambo awo adanyamuka kuti akukasuma chakudya kwawo kumene adabadwira. Sadabwerenso. Adamveka patapita zaka kuti adakwatira komweko. Apongozi pofotokoza sadakwiye, adangoti, "Mkamwini pa njala amakumbukira kwawo." Ine mawu amenewo adandilasa, poti nanenso ndine mkamwini. Chikamwini chili ndi ubwino wake kwa mkazi: munda ndi wake, ana ndi a mbumba yake, akazunzidwa alongo ake ali pafupi. Koma chimapangitsanso mwamuna kukhala ngati mlendo amene chikwama chake chili chomangamanga. Sadzala mtengo wa mango poti sadziwa ngati adzadya. Ndipo zinthu zikathina, amene sangathawe ndi mwini mudzi, mkazi.

Bambo anga ine adakwera Wenela mu 1972, ine ndili wa chaka chimodzi. Ali komweko, mu Epulo 1974, ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Kamuzu adaletsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera. Pambuyo pake ulendo udatsegukanso pansi pa Teba mpaka udatheratu cha m'ma 1988. Bambo adabwera ndi njinga, bulangete lolemera, sutikesi ndi chifuwa chimene sichidawasiye mpaka kumanda. Kumigodi ankadzichapira okha, ankasoka okha zigamba. Ndidawaonapo akusoka kabudula wanga mwaluso kuposa mayi, koma ankasokera m'nyumba chitseko chili chotseka. Panja, pamaso pa anthu, ngakhale kapu ya madzi ankaitanitsa.

Mayi anga ndiye ndimawakumbukira pa mtondo. Ana a masiku ano simudziwa kuti ufa woyera unkatenga masiku angati. Kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kusinja, kusefa, kuyanikanso. Ankasinja awiriawiri kapena atatu mtondo umodzi, minsi ikulandizana, thukuta lili kamukamu. Ndipo pamtondo mpamene panali bwalo lawo la milandu. Nyimbo zimene ankaimba zinali zonyoza amuna aulesi, amuna oledzera, apongozi ovuta, ndipo mwamuna ukamadutsa umadziwa kuti vesi iyi ndi yanga koma sungayankhe, poti ndi nyimbo. Akatero ankaseka mpaka kugwetsa munsi. Sindidamvepo bambo anga akuseka choncho.

Za fodya ndiye ndilankhule modzichepetsa chifukwa pamenepa ndili ndi mlandu. Fodya wamoto adafala kuno ku Dowa, Lilongwe ndi Kasungu kuyambira m'ma 1920, ndipo kuyambira pachiyambi wolembetsa anali mwamuna. Munda wa mkazi, dzina pa khadi la mwamuna. ADMARC itabwera mu 1971 zidapitirira chomwecho. Alangizi ankaphunzitsa amuna m'makalabu za mbewu ndi ngongole ya feteleza, amayi ankawasonkhanitsa padera kuwaphunzitsa kuluka ndi kuphika makeke, ngati kuti kumunda sapitako. Bale ankalima a maesiteti okha mpaka cha m'ma 1990 pamene adatilola ife alimi ang'onoang'ono. Ndiye onani ntchito ya bale: kuthirira nazale m'mawa ndi madzulo, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha. Pa zonsezi mkazi ali pomwepo, kusoka ndi kusankha ndiye makamaka iye ndi ana mpaka usiku pa koloboyi. Koma belo likadindidwa nkukwera lole, ulendo wa ku Kanengo ndi wa bambo, akaunti ya ku banki ndi ya bambo.

Mu 1998 ndidagulitsa mabelo asanu ndi limodzi. Ndidatenga ndalama Lachiwiri, pakhomo ndidafika Loweruka, nditanyamula wailesi, chitenje chimodzi ndi ndalama zosakwana theka. Zinazo musandifunse, amuna a msinkhu wanga mukudziwa kumene ndalama za fodya zinkathera. Mayi akunyumba sadalankhule kanthu. Adalandira chitenje ndi manja awiri. Chitenje chimenecho sadavalepo mpaka lero, chili pansi m'sutikesi, ndipo ndikadziwa kuti ndalakwa pakhomo ndimapeza achitulutsa achiyanika pa chingwe ngati akuchichotsa fungo. 

Ndipo si fodya yekha. Mtedza kale unkatchedwa mbewu ya amayi. Chalimbana ankadzala okha, kukumba, kuthothola, kuswa, kusinjira ndiwo, wotsala nkugulitsa kugula mchere ndi sopo. Mtedza utayamba kugulidwa bwino ndi mavenda, mwadzidzidzi tidayamba kumva abambo akuti "mtedza wanga". Soya chimodzimodzi. Mbewu ikakhala ya m'mbale ndi ya mayi, ikafika pa sikelo yasanduka ya bambo. Kuswa kokha ndiye kudatsalabe kwa mayi.

Andale nawo adalankhula zambiri. Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse mbumba zake, ndipo nzoona kuti mwamuna womenya mkazi masiku amenewo ankaopa kukanenezedwa ku chipani. Koma mbumba zomwezo zinkatengedwa pa malole kukavina, nthawi zina masiku angapo, munda uli thengo, ndipo zikabwerako mtondo unali ukudikira. Mu 1985 kudabwera Chitukuko Cha Amayi m'Malawi. Matipate atabwera, sukulu ya pulaimale idakhala yaulere mu 1994 ndipo atsikana ambiri adalowa, chimenecho ndiye chidasinthadi zinthu, ngakhale chidachotsanso pakhomo manja amene ankathandiza mayi kulera ndi kutunga. Kudabwera lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006, loteteza chuma cha masiye mu 2011, la kusasiyanitsa amuna ndi akazi mu 2013. Mayi Joyce Banda adalamulira dziko kuyambira 2012 mpaka 2014. Zonsezo nzabwino. Koma mukandifunsa ine chimene chidapeputsa msana wa mkazi wa m'mudzi uno, ndikuuzani ziwiri: chigayo ndi mjigo. Chigayo chidachotsa maola a pamtondo, mjigo udafupikitsa ulendo wa kudambo. Ndipo taonaninso, chigayo chitafika pafupi nkukhala cholipira, amuna tidayamba kupitako pa njinga. Ntchito ikakhala ndi makina kapena matayala timailowa. Ikakhala ya pamutu ndi pamsana timati ndi mwambo.

Njala ya 2002 ndidaiona ndi maso anga, simukusowa kuuzidwa inu a kuno. Amene ankayenda mitunda kukagwira ganyu wolipidwa gaga anali amayi. Amene ankakumba zitsa za nthochi anali amayi. Pogawa kansima kochepako, amene ankati "ine ndadya kale" anali amayi. Amuna ena adapirira nawo, sindikuwaiwala. Ena adachita zija za 1949.

Tsono funso limene lidandivuta kwambiri ndi ili: pakati pa awiriwa, wokondwa ndani? Mukaona ntchito mungati mwamuna, poti kuyambira Julayi mpaka mvula yoyamba ambirife timakhala pa bawo ndi pa mpira wa pa wailesi. Koma ndakhala pa bawo zaka zambiri ndipo ndikuuzeni, pamenepo sitikambirana za mumtima. Timakamba za ndale, za Bullets ndi Wanderers, za mtengo wa soya. Munthu ngongole yamufika m'khosi, feteleza sadagule, fizi ya mwana palibe, amangokankha njere nkumaseka nawo. Udindo umodzi umene mbiri idatisiyira ndi wopezera banja ndalama, ndipo ndalamayo ikasowa mwamuna amadziona ngati palibe chimene ali. Apolisi akamalengeza pa wailesi za anthu odzipha, ambiri amakhala amuna. M'dera lathu lino tidaikapo awiri, simukuwaiwala.

Masabata asanu aja ndidaima pa mzere wa mjigo ndi amayi. Masiku oyamba ankangoti zii ndikafika, ena kuseka chobisa. Atazolowera adayambanso nkhani zawo ine ndili pomwepo. Abale, pa mjigo pamakambidwa zinthu. Wina mwana wadwala usiku, pomwepo wina akuti bwera udzatenge ufa. Wina mwamuna sadagone pakhomo, anzake akumulangiza, ena akumuseka mpaka nayenso aseke. Ku banki mkhonde chimodzimodzi, ku Chigwirizano ndi ku Mvano chimodzimodzi, kusiwa pa maliro chimodzimodzi. Bwalo lija la pamtondo silidafe, lidangosamuka. Amayi ndi otopa, thupi limawawa, amakalamba msanga, koma sali okha. Taonani amasiye a m'mudzi uno. Mayi akaferedwa amalira, chaka chikatha mumuona ali kudimba, zidzukulu zili pambali. Bambo akaferedwa, ngati sakwatiranso msanga, mumuona akufota ngati fodya wa m'chigafa, poti ngakhale poika mchere sadziwa.

Koma musatenge mawu angawa nkumakauza akazi anu kuti mwamva, inu ndiye okondwa, pitirizani kusenza. Ndidawafunsa mayi akunyumba atabwerako ngati amakondwa. Adandiyang'ana ngati ndayankhula Chingerezi. Kenaka adati, "Ku chipatala kuja ndinkagona pansi pa simenti, koma ndi koyamba chikwatiwireni kugona mpaka dzuwa kutuluka." Adati kuseka kwa pa mjigo nkoona, koma munthu amaseka kuti mtolo upepuke, osati chifukwa mtolowo ndi wokoma. Ndidasowa choyankha.

Inu a m'tauni musadzione ngati nkhaniyi siikukukhudzani. Ndidakhalako kwa mwana wanga ku Lilongwe. Onse awiri amapita kuntchito m'mawa, onse amabwera madzulo. Mkamwini wanga amafikira pa mpando ndi foni, mwana wanga amafikira pa mbaula. Amene zinthu zikuwayendera amatuma uthenga kumudzi kuti tipezereni kamtsikana kantchito, ndiye kuti mtolo wa mkazi wa m'tauni wautula pamutu pa mwana wamkazi wa kumudzi amene amayenera kukhala m'kalasi. Chaka chino chokha m'mudzi uno mwachoka atatu.

Ine pano madzi ndikutungabe, zigubu ziwiri pa njinga, maulendo atatu m'mawa. Nkhuni ndikuwaza. Kukhitchini kokha adandithamangitsako. Akuti anthu ayamba kale kunena kuti adandidyetsa khuzumule, ndipo amene akunena kwambiri si amuna ayi, ndi amayi anzawo. Apongozi nawo adabwerera ku mwambo, tikakumana panjira akupatukanso, ngakhale dzana adatuma mdzukulu kudzandiuza kuti nsima yanga ya sabata yomaliza inali yodyeka. Ndalama za soya wa chaka chino tagwirizana kuti tikagulitsa limodzi ndipo tikawerengera pa mphasa onse awiri. Chitenje chija sindidachione pa chingwe chiyambire Malichi.

Pomaliza, mjigo wathu wayamba kuvuta, ukutulutsa madzi pang'onopang'ono ndipo amakaniko akuti mipira ya m'kati yatha, mwinanso ndodo imodzi. Ukafa, amayi abwerera kudambo, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera. Komiti yaitanitsa msonkhano Loweruka lino 2 koloko masana pa mjigo pomwepo. Msonkhano wathawu padabwera amayi 23 ndi amuna awiri, wina mwa awiriwo anali ine. Amuna anzanga, bawo tidzayamba 4 koloko. Inu a m'tauni amene mukufuna kuponyapo kangachepe, ndiimbireni ndikupatseni nambala ya msungichuma wa komiti.